Pepala la a Sandalamu a ku Nyumba ya Chisoni

A Sandalamu tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali. Uthenga unandipeza mochedwa, moti pomwe ndinkafika kumudzi kwawo n'kuti adzukulu atayamba kale kukwirira. Kunalibe kwaya, kunalibe mbusa, poti mkuluyu sanapondepo m'tchalitchi cha mtundu uliwonse. Anthu tinalipo owerengeka, ndipo zinandipweteka mtima, chifukwa kuyambira ku Mkanda mpaka kumaesiteti a fodya a m'malire umu, ndi mabanja ochepa amene alibe m'bale amene anadutsa m'manja mwa a Sandalamu. Pobwerera njinga ndinangoikankha, osakwera.

Ine ndinali dalaivala wa ambulansi pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi, dzina lake tilisiye. Iwo ndiwo ankasunga makiyi a nyumba ya chisoni, kachipinda ka njerwa kuseri kwa wodi ya amayi, pansi pa mitengo ya bulugamu. Firiji munalibe. Munali maguwa awiri a simenti ogonekapo mitembo, ndowa, tsache, ndi kazenera kamodzi kotchinga ndi waya.

Anali munthu wamtali, woonda, phewa limodzi lotsika. Ankayenda atabisa manja kumbuyo ngati wabera wina kanthu. Moni wawo unali wowomba m'manja pang'ono ali chapatali, ndipo wosawadziwa akatambasula dzanja, iwo ankangoliyang'ana mpaka mwini wake alibweze ndi manyazi.

Akafika pa kachipinda kaja, ngakhale makiyi ali nawo, ankayamba agogoda n'kunena odi. Kugogodako sikunkandiopsa ayi, chimene chinkandichititsa tsembwe ndi kudikira kwake. Ankapendeketsa mutu ngati munthu womvetsera yankho. Tsiku lina ankalowa msanga, tsiku lina ankaima nthawi yaitali, ndipo ndinawaonapo akubwerera osatsegula, ati eni ake sanakonzeke. Nditawafunsa ngati amayankhidwadi, anakoka kafodya kawo ka m'mphuno n'kundiyang'ana.

"A dalaivala, inu mukagogoda pakhomo la munthu, mumadziwira pakamwa pokha kuti wakulolani?"

Sindinafunsenso.

Akufa ankawatcha alendo. Ankati munthu akatsirizika sadziwa msanga chimene chamuchitikira, amakhala ngati wadzuka m'nyumba ya eni, ndiye pamafunika wina womuuza bwinobwino dzina lake, pamene ali, tsiku lake, ndi kumene akupita. Ankatinso chiyambire ntchitoyo wakufa sanawatukwanepo, otukwana onse anali amoyo.

Ine ndi iwo tinkayambana kawirikawiri pa nkhani ya liwiro ndi wailesi. Nthawi imeneyo matipate anali atangolowa, ndipo wailesi inkakoma, aliyense akutulutsa zakukhosi. Tikanyamula maliro kukatula kumudzi, iwo ankakhala kumbuyo ndi mlendo wawo akumuuza njira: tsopano tikuwoloka mlatho, tsopano tadutsa chigayo chija, kugwedezekaku musadabwe nako ndi msewu. Ndikangoponda mafuta pang'ono, chibakera chinkalira kumbuyo kwa mpando wanga.

"A dalaivala, mwanyamula mabelo a fodya kodi?"

Mtima unkandipsa. Kwathu ndinali mkulu wa mpingo, ndipo ndinkawauza kuti wakufa sadziwa kanthu bi. Ankangoti chabwino, koma wailesiyo tsekani. Ndipo ndinkatsekadi. Akulu amati mapanga awiri avumbwitsa, ine ndiye ndinavumbwa zaka zonsezo.

Koma mwambo wawo waukulu, umene unadzetsa mlandu, unali wa manja. Ankati wogwira mtembo amatenga kuzizira kwa manda, ndipo akayandikira khanda, mayi woyembekezera kapena wodwala wofooka, kuzizirako kumamulowa n'kumutsiriza. Choncho akagwira mlendo sankalowa m'wodi, sankadya mbale imodzi ndi munthu, sankagona m'nyumba mwawo. Ankadikira kuti dzuwa lituluke kawiri iwo asanagwirenso mtembo wina, kenako ankapita kudambo kukasamba mizu imene anawasonyeza amalume awo. Akatero ndiye ankabwerera kwa akazi awo, a Nankhoma, n'kumanyamula zidzukulu ngati gogo wina aliyense. Kale zimenezi sizinkavuta munthu, poti maliro pachipatalapo ankagwa mwa apo ndi apo.

Zinthu zinasintha atabwera a Makwinja kudzakhala mkulu wa chipatala. Sindiwanenera zoipa. Anali dokotala wachinyamata, wakhama, wopemphera kwambiri, ndipo kabuku ka malamulo atsopano a dziko sikankachoka m'thumba la malaya awo. Antchito anali atachepa, ndiye analamula kuti osesa ndi onyamula odwala onse azisinthana, lero kuwodi, mawa kochapa, mkuja ku nyumba ya chisoni. Zachipembedzo ankazilemekeza ndithu. Wosunga Sabata anamupatsa Loweruka lake. Msilamu wa kochapa anamulola kupita kumzikiti Lachisanu masana. Chomwe ankafuna chinali chimodzi: kalata ya mtsogoleri wa mpingo, yodinda chidindo.

A Sandalamu anapita ku ofesi n'kuima pakhomo, chipewa chili m'khwapa. Ine ndinali momwemo, ndikusainitsa za ulendo.

"Bwana, ine ndikagwira mlendo kuseriku, kuwodi sindingalowe."

"Mpingo wanu ndi uti, madala?"

"Mpingo ndilibe, bwana. Ndili ndi makolo."

"Ndiye kalata akulemberani ndani?"

"Ondichitira umboni alipo ambiri, koma onse anagona kumanda. Mukafuna tipitire limodzi mukawafunse."

A Makwinja sanaseke. Anati ufulu wa chipembedzo si ufulu wa zamizimu, ndipo akalola zimenezo mawa wina adzakana kukolopa ati walota.

Sabata yomweyo, m'mawa wina a Sandalamu atangomaliza kusambitsa mtembo wa mkulu wina, kunafika ngolo itanyamula mayi amene mwana wake anabadwira panjira. Khanda linali m'chitenje pachifuwa pake, mayiyo akutaya magazi. A Makwinja anatenga botolo la madzi ndi singano n'kukuwa kuti gwirani machira. Ine ndinagwira kumutu. A Sandalamu anaima patali, manja kumbuyo, thukuta lili kamukamu.

"Gwirani, madala!"

"Bwana, ndichotseni ntchito. Koma mwana uyo sindimupha ndine."

Mwini ngolo ndiye anagwira kumiyendo. Mayi ndi mwana anapulumuka, ndipo mbali iliyonse inati umenewo ndi umboni wake. Tsiku lomwelo a Sandalamu anaimitsidwa ntchito n'kulandidwa makiyi. Kalata yowaimitsa inafuna mboni, ndipo wosaina ndinali ine. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Anakhala kumudzi milungu ingapo. Osesa ankaponyerana makiyi aja ngati khala la moto, ndipo wolowa m'kachipindamo ankalowa akuimba nyimbo yamapemphero mokweza n'kutuluka chothamanga.

Tsiku lina tinakweza mtembo wa tenanti wa pa esiteti ina, munthu wa kumapiri a kummwera uko, amene kuno analibe m'bale kupatula mkazi wake. Kwawo kunali kutali, ndiye anakonza zomuika kumanda a alendo pafupi ndi esitetiyo. Dzuwa linali paliwombo. Galimoto inalira bwinobwino, inayenda, itafika pageti inazima. Ndinatsegula boneti, ndinagwedeza mawaya a batire, zonse zili m'malo. Anthu anakankha, inakana. Tinaibweza, n'kutsitsa maliro kuwaika pamthunzi kuti ndione bwino, ndipo nditangokhudza kiyi inalira. Tinakwezanso, pageti pomwepo zii. Zinatero katatu. Pachipatala ponse panagwa bata. Amayi odikirira odwala anasiya miphika pamoto n'kuima m'mbali mwa mpanda kumangotiyang'ana. Mkazi wake uja anakhala pansi.

"Akukana," anatero. "Ankati ndikadzafa mudzanditengere kwathu."

Palibe anandituma. Ndinabwereka njinga n'kupita kwa a Sandalamu, ndipo ndinawapeza akuluka nkhokwe. Sanandifunse za kalata ija. Titafika anaima kunja kwa geti, ati munthu woimitsidwa salowa, mpaka a Makwinja analankhula ali pakhonde kuti asiyeni alowe. Anagogoda chitseko chakumbuyo kwa ambulansi, anadikira, n'kukwera. Anafunsa namfedwayo dzina la mwamuna wake, la mudzi wake, ndi la mayi ake. Kenako anawerama n'kuyamba kulankhula chapansipansi, koma ine ndinali pachiwongolero ndipo ndinamva.

"Achimwene, kwanu n'kutali, ndipo akazi anu alibe mphamvu zokufikitsani. Kumene tikupitaku kuli anzanu a kwanu konko, simukakhala nokha. Fodya munasiya m'chigafa uja anzanu akamanga. Musamuvutitse mayiyu."

Anapendeketsa mutu kumvetsera.

"A dalaivala, tiyeni. Pang'onopang'ono."

Ndinapotokola kiyi, inalira, ndipo tinatuluka pageti. Galimoto ndayendetsa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti waya wolobodoka amachita zodabwitsa. Ine ndikungonena zomwe ndinaona.

Amene anatengera nkhani ya kuimitsidwa kwawo kuboma anali a Nankhoma. Mayi ameneyu anali wamfupi, wapakamwa, ndipo mosiyana ndi amuna awo ankapemphera, Lachinayi lililonse ali mu yunifolomu ya amayi a mpingo. Anakwera matola okha mpaka ku ofesi ya zantchito, ndipo akuti anakauza anthu kumeneko kuti mwamuna wanga ndi wachikunja, inde, koma bodza sanandinamizepo, ndipo mwambo wakewu sanauyambe dzulo pothawa ntchito.

Kunabwera mayi wina wa magalasi kudzamva mlanduwo. Tinakhala pa mabenchi a odwala, antchito tonse. Anawerenga lamulo n'kulimasulira, ndipo anati iye sakuonamo mawu oti chidindo kapena mpingo, akuonamo ufulu wa chikumbumtima ndi chikhulupiriro cha munthu. Anafunsa ngati a Sandalamu anayamba kale mwambowo, tonse tinati tinawapeza nawo. Anafunsanso ngati ntchito ingaonongeke iwo atapatsidwa nyumba ya chisoni okha, ena onse n'kumagawana mawodi. Abale, sindinaonepo manja akukwera msanga ngati tsiku limenelo. Aliyense anaona kuti wapulumuka.

Zinalembedwa choncho: nyumba ya chisoni ndi ya a Sandalamu okha masiku onse, ndipo asatumidwe kuwodi. A Makwinja anasaina, n'kunena kuti agonjera lamulo, osati mizimu. A Nankhoma anaimba nthungululu, ife tinawomba m'manja. A Sandalamu kuwerenga sankadziwa, koma pepalalo analikulunga m'kajumbo ka shuga n'kumayenda nalo m'thumba la pachifuwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Zaka zotsatira ndi zija matenda aja anatikuta, otenga anyamata ndi atsikana n'kusiya nkhalamba. Aphunzitsi, matenanti, ochita geni m'malire, onse ankathera kuseri kwa wodi ya amayi. Pamwamba pake panadzagwa njala ija. Wina akatuluka m'mawa, masana wina walowa, ndipo maguwa awiri aja anachepa, ena ankagona pansi pa mphasa. Masiku awiri osagwira mtembo anasowa. Unatha mwezi, inatha miyezi.

A Sandalamu anamanga kachisakasa pambali pa kachipindako n'kumagona momwemo. A Nankhoma ankabwera ndi chakudya masana aliwonse, n'kuchiika pamwala, n'kubwerera m'mbuyo mapazi angapo, n'kukhala pansi kumawauza za kumunda ndi kuwakalipira za ndevu. Kunabadwa zidzukulu zimene agogo awo anazionera patali, mayi ake atazikweza m'mwamba kuseri kwa mpanda. Anthu anayamba kuwaopa. Ena ankati nkhalamba yogona ndi mitembo singakhale yabwinobwino, ndipo onena zimenezo ndi omwe abale awo inkawasambitsa.

Tsiku lina tikubwerera kotula maliro, anandiuza ali kumbuyo konko kuti patapezeka munthu wosunga makiyi masiku awiri okha, akanakasamba n'kukagona kunyumba. Sanandipemphe, anangonena. Ine ndinayankha kuti ndine dalaivala, komanso pepala lija likuti ntchitoyo ndi yawo okha. Anati n'zoona, likutero.

A Nankhoma anadwala chibayo nyengo yozizira. Anawagoneka m'wodi ya amayi, imene inali chipinda chimodzi chachitali, odwala mbali ino, amayi ndi makanda mbali inayo, pakati nsalu yotchinga. Bedi lawo linali pa zenera lachitatu. A Sandalamu anaika njerwa ziwiri pansi pa zeneralo, ndipo akapeza mpata pa ntchito ankakwerapo n'kumalankhula ndi akazi awo ali panja, manja kumbuyo. Anatero masiku atatu, wodwala akufookerafookera.

Tsiku lachinayi a Makwinja anatuluka okha n'kuzungulira kuseriko. Ine ndinali kutsuka galimoto chapafupi.

"Madala, lowani. Pepala lija limaletsa ine kukutumani. Inu silikuletsani."

"Muli makanda angati mmenemo, bwana?"

"Asanu."

"Ndiye ndisankhe uti?"

"Chabwino. Tiwatulutsire pakhonde, muwagwire dzanja."

"Akadali ndi mpweya, bwana. Ndikawagwira, wowatsiriza ndine."

M'katimo munamveka mawu a a Nankhoma, otsika koma akadali ndi ukali wawo.

"Asiyeni amuna anga a Mbewe, adokotala. Pepalalo ndinakawatengera ndine."

A Makwinja anavula chipewa chawo cha dzuwa. Kenako anachitambasulira a Sandalamu.

"Ponyani makiyi umu. Ndisunga ine masiku awiri. Mukasambe mizu yanuyo, mudzalowe."

Tonse tinaona dokotala wamkulu, munthu wosala kudya Lachitatu lililonse, akuvala epuloni ndi majombo, akunyamula mitembo ndi abale a omwalira. Sankagogoda, koma ndinawaona akuima kaye pakhomo asanatsegule. Ine ndinali pomwepo ndi manja anga awiri, ndipo chimene ndinakana zaka zonsezo anachichita munthu wobwera.

A Sandalamu anakhala pansi pa zenera lija kudikira dzuwa. Linatuluka koyamba. Mizu anali atakumba kale, ataimanga m'kansalu pambali pawo, ndipo ankauza akazi awo kuti mawa m'mamawa ndikupita kudambo, mukamamwa phala ndidzakhala ndafika. A Nankhoma ankati mumete kaye ndevuzo. Anamwalira madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa litangopendeka.

Tinawatulutsa pa machira a matayala, ine ndikukankha, a Makwinja ali patsogolo ndi makiyi, ana awo aakazi akulira pambuyo. Pokhota kuseri kwa wodi tinapeza a Sandalamu ataima kale pakhomo la kachipinda kaja. Anatulutsa dzanja kumbuyo n'kulitambasula.

"Bweretsani, bwana. Mlendo uyu ndi wanga."

Mkulu wina wa kuchikazi ananong'ona kuti mwamuna sagwira maliro a mkazi wake, koma palibe anawaletsa. Anawanyamula okha, ngati mmene munthu amanyamulira mwana wogona, n'kuwagoneka paguwa. Anatenga dzanja lawo n'kuligwira ndi manja onse awiri, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali.

"A Nankhoma, ndine. Lero ndi Lachisanu. Mwamwalira, mayi, musaope. Muli kuntchito kwanga kuno."

Kenako anakankha chitseko ndi phazi n'kuchitseka. Tinaima panja, dzuwa likulowa m'mabulugamu. Tinkawamva akulankhula, n'kusiya, n'kuyambanso, monga amachitira anthu awiri akamacheza. Pena anaseka, kuseka kwenikweni kwa munthu amene wauzidwa zoseketsa. Ana awo anasiya kulira. Ine thupi lonse linachita tsembwe, koma misozi inkatsika.

Kuyambira pamenepo a Makwinja ankatenga makiyi masiku awiri mwezi uliwonse mpaka pomwe anasamutsidwa, ndipo atachoka tinayamba kusinthana ife. Palibe lamulo linatiuza. A Sandalamu anagwira zaka zina zingapo n'kupuma. Ndinakawaona kamodzi kumudzi, ndinawapeza atazunguliridwa ndi zidzukulu zosawazolowera, ndipo anandipatsa moni wogwirana chanza. Dzanja lawo linali lofunda ngati la munthu wina aliyense. Ndinafuna kupepesa, koma pepani sapoletsa chilonda, ndiye tinangokamba za mitengo ya feteleza.

Lachiwiri lija, pochokera kumanda, ndinakhotera pachipatala. Masiku ano mitembo amaitengera kuboma, ndipo m'kachipinda kaja anaunjikamo mabedi othyoka ndi makatoni. Mabulugamu anawadula n'kuwotchera njerwa, moti dzuwa limawomba pakhomo pake tsiku lonse, koma ukaima pamenepo mpweya wake ndi wozizirabe. Antchito onse ndi achilendo. Ndinafunsa mayi wina wosesa ngati anamvapo za a Sandalamu. Anati ayi, kungoti kuseri kuno sasesa munthu mmodzi, amabwera awiriawiri, ndipo anawapeza anzake akutero. Udzu wamera paliponse mpaka m'khoma. Koma pansi pa zenera lachitatu la wodi ya amayi pali kamalo kokwana mapazi a munthu mmodzi pamene sipamera kanthu. Wosesayo anati mwina ndi madzi ogwa padenga. Ndinayang'ana m'mwamba, ndipo denga la wodiyo limatsetserekera mbali inayo.